Manda Amene a Yesaya Anakumbitsa Asanaone Mtembo

A Yesaya Nakhumwa anabadwira m'malayini a esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo m'chaka cha 1957. Bambo awo anachokera ku Mozambique wapansi, kuthawa chikoti cha Apwitikizi, ndipo anafera pa esitetipo ali mlonda. A Yesaya sukulu analekezera Sitandade 5. Anayamba ndi kupalira, kenako kuthyola masamba, kenako anawapatsa mpeni wodulira tiyi. Mpeniwo anaugwira zaka makumi atatu ndi zinayi. Ine ndinali kapitawo wawo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sindinawabwezepo kuti akakonze mzere.

Kudulira tiyi ndi ntchito ya miyezi yozizira. Munthu amayenda ndi kandodo koyezera, kuti chitsamba chilichonse achidule pa msinkhu umodzi. A Yesaya kandodoko ankakasiya m'thumba. Diso lawo linkakwana.

Anakwatira a Olivia, othyola masamba, a m'mudzi wina kufupi ndi Goliati, nakakhala chikamwini kumeneko. Ana anabadwa asanu. Atatu anamwalira ali aang'ono. Anatsala Jean, amene anakwatiwa ku Luchenza, ndi Mervin, chitsiriza.

Kumudziko anawapatsa ntchito ina, yopanda malipiro. Analowa m'gulu la adzukulu okumba manda, ndipo mu 1998 anawasankha kukhala mkulu wawo. Anali ndi malamulo awiri. Loyamba, kachasu amwedwe fosholo yomaliza itagwa. Lachiwiri, khasu lisakhudze dothi iwo asanauone mtembo ndi maso awo ndi kuuyeza ndi bango.

"Uthenga sitiika m'manda," ankatero. "Timaika munthu."

Mervin tiyi sanamufune. Anayamba ukondakitala pa minibasi ya a Hamdan a pa Bvumbwe, anaphunzira chiwongolero, kenako anayamba kuyendetsa malole onyamula tiyi kupita ku Limbe. Anali wamtali kuposa bambo ake. Polowa m'nyumba ya makolo ake ankawerama, ndipo akaiwala ankagunda mutu pa felemu.

Kumapeto kwa 2023 wailesi inalengeza kuti dziko lathu, pamodzi ndi South Africa ndi Tanzania, likutumiza asilikali kum'mawa kwa Congo. Kumeneko zigawenga za M23 zinkalanda midzi ndi matauni, ndipo wailesi inkati zikuthandizidwa ndi Rwanda. A Yesaya anali atapuma ntchito, ndipo masana ankakhala pa tiyirumu ya a Zulaika pa Goliati. Amene ankakangana nawo anali a Dauda, ogulitsa nyama ya mbuzi. Tsiku limenelo ndinalipo.

"Ife tikateteze dziko la eni ake?" anatero a Dauda. "Ife amene tikulephera kuteteza mbuzi m'khola?"

"Nyumba ya mnzako ikamapsa sufunsa kukula kwa ndowa yako," a Yesaya anayankha. "Umathamanga nayo."

"Yathuyi ndi yobooka, achimwene. Tikafika kumeneko titangogwira chogwirira."

"Bambo anga anafika kuno atavala chiguduli. Akanawauza kuti dziko ndi laling'ono, bwererani, inu bwenzi mukugulitsa nyama kwa ndani?"

"Kwa inu? Inu munagulapo nyama? Mumangobwera kudzanunkhiza."

"Madala awiri inu," a Zulaika analowerera, "kapu imodzi ya tiyi maola atatu. Pitani ku Congo komweko mukathe mabenchi a kumeneko."

A Yesaya sankanena zimenezi pofuna kungotsutsa. Ankakhulupirira kuti dziko laling'ono likaona linzake likulowedwa n'kukhala chete, tsiku lake likadzafika lidzalira lokha.

Mu Epulo 2024 kampani ina ya ku Limbe inapeza ntchito yonyamula ufa, madzi ndi mafuta kupita kumisasa ya asilikali kufupi ndi mzinda wa Goma. Inkafuna madalaivala. Mervin analembetsa. A Olivia anakana. Mervin anafunsa bambo ake.

"Mfuti ukagwira?"

"Ayi, bambo. Chiwongolero basi."

"Ndiye pita. Anzako akudya chiyani kumeneko ukapanda kuwapititsira?"

Anapita. Ankaimba foni Lamlungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi. Ankati kumeneko ndi mapiri ngati kwathu, mvula yake ndi yomweyi, koma dothi ndi lakuda ndi lamiyala.

Mu Januwale 2025 zigawenga zinalowa mu Goma. Lamlungu limenelo foni sinalire. Patapita masiku asanu ndi anayi anaimba Keith, dalaivala mnzake wa ku Chiradzulu. Ananena mawu ochepa. Anati Mervin anawomberedwa pamsewu akubwerera kumsasa, ndipo anafera m'lole. Netiweki inaduka asanafotokoze zambiri.

Masiku omwewo boma linalengeza kuti asilikali athu akonzekere kubwerera kwawo. Pawailesi ankati tikupereka mpata ku zokambirana zamtendere. A Yesaya anamva. Pakhomo panali siwa, ndipo anthu ankabwera ndi kupita.

Lachiwiri lina la mu Febuluwale bwana wa kampani ija anaimba. Anati wamva kuti mitembo ya Amalawi yachoka ku Congo ndipo ifika Lachisanu. Anati akonzeke.

Mwini maliro sakumba manda a mwana wake. Ntchitoyo inagwera a Mtisunge, wachiwiri wa a Yesaya pa adzukulu, bambo wa nthabwala amene amawotcha njerwa. Anabwera Lachinayi madzulo dzuwa lisanalowe, anakhala pansi pakhonde.

"Akulu, tidikire tiuone kaye, monga mwa masiku onse?"

"Mukumbe mawa m'mamawa."

"Osauona?"

"Mwana wakhala masabata atatu m'njira. Bokosilo silitsegulidwa, ndipo siligona pakhomo pano. Likafika, pemphero, kenako kumanda."

"Nanga muyezo?"

A Yesaya anadula bango, analiimika pakhomo la nyumba, analiyeza mpaka pa felemu, nawonjezera chikhatho chimodzi. Analipereka.

Lachisanu pofika teni koloko manda anali atatha. Anawakumba pa malo a banja la a Olivia, pafupi ndi amayi awo. Amayi a Mvano anabwera ndi yunifolomu. Jean anafika kuchokera ku Luchenza. Anthu anadikira. Cha m'ma fili koloko inafika galimoto yaing'ono, yosatheka kunyamula bokosi. Munatsika Keith ndi kalaliki wa kampani. Keith ananyamula chikwama cha Mervin.

Kalalikiyo anafotokoza ataweramitsa mutu. Bwana wake anamva theka la nkhani. Mitembo imene inkanenedwa inali ya asilikali. Mervin sanali msilikali, ndipo dzina lake silinali pa mndandanda wa aliyense.

"Nanga ali kuti?" a Olivia anafunsa Keith.

"Ndinamusiya pachipatala, mayi. Ndinalemba dzina lake pa katoni ndi kumumangirira padzanja. Magetsi kunalibe. Nditabwererako patapita masiku anayi, anandiuza kuti onse amene anali panja anawanyamula pa lole kukawaika pamodzi. Anali ambiri. Mvula inkagwa. Za katoniyo sindikudziwa."

Kwathu kuno manda okumbidwa sagona opanda kanthu. Akuluakulu amati akagona ali kukamwa amaitana munthu wina. Mtembo ukasowa timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'mandamo ndi kukwirira. Maliro amathera pomwepo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola anthu, a Yesaya anachita zimenezi kawiri m'mudzi momwemo. Nthochizo anadula okha.

Dzuwa litapendeka a Mtisunge anawaitanira pambali.

"Akulu, nthawi yatha. Tidule ya kwa ndani? Zambiri ndi za mtundu wofupika, koma kuseri kwa a Angella kuli yabwino."

A Olivia anamva. Anatuluka m'nyumba ya siwa, chinthu chimene namfedwa sachita.

"Sindinabereke nthochi ine."

"Mayi a Mervin, mwambo mukuudziwa," anatero a Yesaya.

"Ndikuudziwa. Ndikudziwanso kuti mukangokwirira, a kampani akanena kuti tamuika. A boma akanena kuti tamuika. Adzamufunenso ndani? Anamutenga, amubweze. Ngakhale mafupa."

"Sanamutenge a boma. Ndi kampani."

"Ufa ankanyamulawo unali wa ndani?"

A Yesaya anapita kuseri, anazula malata anayi padenga la khitchini, anawasenza mpaka kumanda. Anavundikira dzenjelo ndi kutsendereza ndi miyala. Adzukulu anangoima kuonerera.

"Ndipatseni sabata imodzi," anawauza.

Lolemba anavala jekete ndi kukwera minibasi. Ku kampani anawauza kuti ntchito ya ku Congo yatha, ndipo kulibenso munthu wawo kumeneko. Anawalozera ku ofesi ina ya boma ku Blantyre. Kumeneko anakhala pabenchi mpaka masana. Mayi amene anawalandira sanali woipa mtima. Anawapatsa mpando ndi madzi, analemba zonse papepala.

"Agogo, ndikuuzeni zoona. Boma lathu limakamba ndi boma la Congo. Boma la Congo ku Goma kulibe. Amene akulamula kumeneko ife sitikamba nawo. Asilikali athu omwe akudikira njira yotulukira."

"Ndiye ndikapemphe kwa ndani?"

"Pepalali ndilitumiza ku Lilongwe. Mubwere mwezi wamawa."

"Manda ali kukamwa, mwanangu."

Mayiyo sanamvetse. Anali wa m'tauni.

Sabata inatha, yachiwiri inatha. Inali nthawi ya mvula, ndipo malata sankatchinga madzi oyenda pansi. M'mawa uliwonse a Yesaya ankapita kumanda ndi ndowa ndi chingwe, kuvundukula, kutunga madzi, kukonza m'mbali mogumuka, kuvundikiranso. Mkulu wa adzukulu kulowa kumanda yekha tsiku ndi tsiku popanda maliro, zimenezi m'mudzimo zinali zisanachitikepo.

Anthu anasiya kudutsa njira ya kumanda popita ku esiteti, ankazungulira kudambo. Mwana wina atadwala malungo, amake sananene za udzudzu. Ananena za malata. Tsiku lina a Angella, amene mwana wawo wamkazi anakokoloka ndi Freddy, anawaimitsa panjira ndowa ili m'manja.

"A Nakhumwa, ine munandipatsa masiku angati?"

"Palibe."

"Ndinakugwirani mwendo. Ndinati mawa akapezeka kumtsinje. Munati chiyani?"

"Ndinati mwambo ndi mwambo."

"Wanga anali nthochi, wanu ndiye munthu?"

A Yesaya anawapatsa njira.

Sabata yachitatu adzukulu anakumana okha. A Mtisunge ndi amene anabweretsa mawu. Anati palibe manda ena amene akumbidwe m'mudzimo mpaka aja atatsekedwa. Aliyense amene amwalire adikira.

"Lamulo si lathu, akulu. Munatiphunzitsa ndinu."

"Ndamva."

"Musatione ngati adani. Akazi athu akutikaniza ndiwo."

Manda aja atakhala kukamwa masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, anamwalira a Zakeyu. Anali nkhalamba ya ku Mozambique imene inafika m'ma 1987 pothawa nkhondo ya kwawo. Anzawo atabwerera, iwo anatsala. Ankagwira ganyu pa esiteti nthawi ya masamba ambiri, ndipo ankagona m'kanyumba ka udzu kumalire a munda wa tiyi. Analibe mkazi, mwana, ngakhale mbale wodziwika. Amayi opita kothyola masamba ndi amene anawapeza m'mawa. A esiteti anati munthuyo anasiya kalekale kukhala wantchito wawo. Nkhani inagwera mudzi, ndipo adzukulu anakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu ali kunyumba.

Kunkatentha. Mtembo sukanadikira mawa.

A Yesaya anatenga chikwanje ndi kulunjika kuseri kwa a Angella. Anthu anawaona, ndipo ena anathamanga kukauza a Olivia. A Yesaya anafika pa nthochi ija, anaigwira, anayang'ana poti adule. Sanadule. Anabwerera, anatenga bango lija loyezera Mervin limene a Mtisunge analisomeka padenga, napita nalo ku kanyumba ka a Zakeyu. Anauona mtembo, anauyeza. Bango linatsala pafupifupi mkono wathunthu.

Atabwerera kunyumba anapeza a Olivia atakhala pakhonde ndi Jean.

"Mwadula?"

"Ayi."

"Nanga?"

"A Zakeyu alibe manda. Ife tili ndi manda opanda munthu."

A Olivia anawayang'ana.

"Pafupi ndi amayi anga? Munthu wosadziwika mtundu?"

"Nthochi ili ndi mtundu?"

"Musandiyankhe ngati muli pa tiyirumu."

"Pepani. Koma mverani. Tikaika nthochi, Mervin taika. Tikaika a Zakeyu, taika a Zakeyu. Pepala la ku Blantyre likhala momwe lilili. Palibe amene anganene kuti nkhani yatha."

"Ndiye akabwera agona pati?"

"Tidzakumba ena."

"Abwera, bambo?" Jean anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Mukudziwa," anatero a Olivia. "Mukungoopa kunena."

Nkhuku inalowa m'khitchini yopanda denga ija, Jean anaipirikitsa. Kenako a Olivia analankhula.

"Kaikeni. Koma dzina la mwana wanga lisatchulidwe kumandako, ngakhale m'pemphero. Ndipo ine sindimeta. Asabwere munthu ndi lumo pakhomo pano."

Malume a Mervin, mchimwene wa a Olivia, anavuta pang'ono za malo a banja. Atauzidwa kuti akakane pamaso pa adzukulu ndi mtembo uli pomwepo, anavomera.

A Zakeyu anaikidwa tsiku lomwelo cha m'ma folo koloko, atakulungidwa mu mphasa ndi bulangete lawo. Kunalibe wolira mokweza. Anthu anabwera ambiri, makamaka kudzaona ndi maso kuti dzenjelo latsekedwa. Powatsitsa, a Mtisunge ali m'mandamo anaona mpata umene unatsala kumiyendo.

"A Zakeyu, moyo wanu wonse kugona chopinda miyendo m'kachisakasa kaja. Lero mwapeza nyumba ya bwana. Tambasukani, madala."

Anthu ena anaseka. A Yesaya anaima kumbuyo ndi malata awo. Fosholo yomaliza itagwa, anaitana adzukulu ndi kuwauza kuti kuyambira tsikulo mkulu wawo ndi a Mtisunge. Palibe amene anawakakamiza kuti akhalebe.

Pakati pa chakacho asilikali athu anatuluka mu Congo podzera ku Rwanda ndi Tanzania, nafika kwawo. Goma anatsala m'manja mwa omwe anamulanda. Nkhaniyo inachoka pawailesi, panalowa za chisankho ndi za feteleza. Ndinawafunsapo a Yesaya kamodzi ngati anasintha maganizo.

"Tinayenera kupita," anatero. "Koma amene amatumiza anthu aziyamba wafunsa kuti akafa awabweza bwanji. Ine sindinafunse. Iwonso sanafunse."

Ku Blantyre anapita mu Epulo, mu Meyi, mu Juni, Lolemba loyamba la mwezi. Yankho linali limodzi: pepala lili ku Lilongwe. Mu Ogasiti anapeza mayi uja atasamutsidwa, ndipo amene anakhala pa tebulolo anawapempha kuti afotokoze kuyambira pachiyambi. Anafotokoza. Mu Seputembala anawapemphanso chimodzimodzi.

Mpaka pano, Lolemba loyamba la mwezi amavala jekete ndi kukwera minibasi ya m'mawa. Ku Blantyre safika. Amatsikira pa Bvumbwe, n'kukhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi amayi ogulitsa kabichi mpaka dzuwa litapendeka. Ndinawapeza kumeneko mu Novembala. Anandipempha kuti ndisakanene kunyumba. Akafika kwawo amati, "Akuti tidikire."

Sindinakanene. A Olivia anandiuza okha, tsiku limene ndinapita kukabwereka sipuleya. Anati anadziwa kuyambira ulendo woyamba, chifukwa mmodzi mwa amayi a kabichiwo ndi msuweni wawo. Tsitsi lawo lachita imvi ndipo lakula mpaka likutulukira mu duku. Anati Lamlungu masana amawasitirabe malaya.